Mfundo za M'bango

Lachitatu m'mawa bambo aang'ono, a Simoni, ananditengera kuseri kwa nyumba kukandionetsa nthochi. Inali imodzi mwa zitatu zimene madzi anatisiyira. Anaimenya ndi chikhatho ngati akuyesa mbuzi pamsika wa Ngabu.

"Iyi ndiye msinkhu wa abambo ako," anatero. "Anthu abwera Loweruka. Woyamba kubadwa ndiwe, ndiye chikwanje ugwira ndiwe. Wamva, Pius?"

Ndinayang'ana pansi.

"Sukulu yonse ija anangokuphunzitsa kuwerenga nyerere? Ndati wamva?"

"Ndamva."

Kumva ndinamvadi, koma sindinavomere.

Abambo anga, a Francisco Zuze, anapita ndi madzi mwezi wa Marichi, nthawi ya namondwe uja. Iwo ndi amayi anali kudimba lathu, m'kati mwa dambo. Amayi anawapeza pa tsiku lachiwiri ali mumtengo. Atafunsidwa za amuna awo anangoti, "Tinasiyana." Ine ndinali ku Ngabu kukonzekera mayeso a Fomu 4, ndipo msewu utatseguka ndinapeza theka la mudzi wathu lili mchenga wokhawokha. Anthu anafunafuna mtembo milungu itatu mpaka kumunsi ku Chiromo, koma sanapeze ngakhale nsapato. Kwathu munthu akasowa chotere, miyezi n'kupita, abale amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kukaliika kumanda m'malo mwa mwini wake, kuti maliro athe ndipo anthu aleke kudikira.

Ine ndinali ndisanaleke. Abambo ankati anabadwira m'bwato, ndipo ndinawaonapo akuwoloka Shire chosambira atanyamula ukonde pamutu. Munthu wotero sangangomira ngati mwala. Komanso ukakwirira nthochi, mwini wake n'kudzatulukira, udzamuyang'ana ndi maso ati?

Chimene chinkandiwawa kwambiri anali amayi. A Simoni atabwera ndi nkhani ya nthochi ndinkayembekeza kuti akana. Iwo sanaleke n'komwe kupeta. "Dulani," anatero, basi. Kuyambira tsiku limenelo ndinkangolankhula nawo za mchere ndi za madzi osamba. Iwo m'mawa uliwonse ankatenga dengu lawo lovundikira ndi thumba n'kulowera kudambo kukazula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi imene timadya pa njala, poti chimanga ndi mapira zonse zinali pansi pa mchenga.

A Simoni atangondisiya, mwana wina anabwera kudzandiuza kuti padoko pali mlendo. Dambo lathu pamapu amalilemba kuti Elephant Marsh, ngakhale mwa ife palibe anaonapo njovu. Alendo amabwerera mbalame, ndipo akomiti ya padoko amakonda kuwapatsa ine chifukwa mbalame ndimazidziwa ndipo sindilongolola.

Mlendoyo anali mayi wa zaka ngati makumi asanu, wovala chipewa chachikulu ndi jombo zatsopano. Anati dzina lawo ndi a Linda, amagwira ntchito m'famase ku Limbe, ndipo akapeza tchuthi amayendayenda kujambula mbalame. Anali akukalipira wakabaza amene anawatenga ku Ngabu.

"Anandilonjeza kuti tifika kusanache. Tayala laphwa kawiri, ndipo kachiwiriko wopopa ndinali ine!"

Ndinawakhazika pakati pa bwato la a Simoni, ine n'kuima kumbuyo ndi nsungwi yokankhira. Anatulutsa kamera ya chimphuno chachitali ngati munsi, naigoneka pamiyendo ngati khanda.

Tinayenda nthawi ndithu. Madzi anali phee, akuda, ndipo namasupuni ankatseguka kutsogolo kwathu n'kutsekanso kumbuyo.

"Achimwene, pakamwa mwasiya kunyumba?"

"Ayi, madamu."

"Ndiye tandiuzani, icho chachikuluchi kuno mumachitcha chiyani?"

"Vuwo."

"Nanga uyo waima ngati mlaliki woiwala vesi?"

"Kakowa."

Anaseka okha, kamera n'kulira tcha, tcha, tcha. Anali ndi kabuku kamene ankalembamo mbalame iliyonse ndi nthawi imene aiona. Anajambula atsekwe, nkhwazi itakhala pachitsa, ndi kambalame kofiirira ka zala zazitali kamene kamayenda pamwamba pa masamba a nyika osamira. Akafuna kuti ndiime ankangokweza chala, ine n'kuzika nsungwi m'matope.

Dambo silinalinso limene ndinakulira. Madzi aja anabwera ndi mchenga wa kumapiri n'kutseka njira zakale, natsegula zina pamene kale panali minda. Alendo ankaona mbalame, ine ndinkaona zina. Apa panali chitseko cha nyumba chitaima m'bango, loko wake akadali pomwepo. Patsogolo pang'ono panali desiki ya kusukulu, kakowa atatera pamwamba pake. A Linda anaijambula desikiyo, kenaka anatsitsa kamera n'kundicheukira.

"Kuno anapita ambiri?"

"Ndithu."

Anabwezera kamera pamiyendo.

Njira yaikulu inali itaphwa kwambiri mwezi umenewo, ndiye ndinakhotera m'kanjira kena kamene ndinali ndisanalowemo chichitikireni madzi. Bango linali lalitali mbali zonse, mphepo osafika. Nantchengwa anadutsa pamwamba pathu akulira. A Linda anamutsatira ndi kamera mosangalala, koma ine ndinakankha bwato mofulumira, poti kwathu kulira kwa mbalame imeneyi sitikukonda.

Ndipo apo ndi pamene ndinaiona mfundo.

Asodzi onse amaika zizindikiro m'dambo kuti asasokere. Ena amamanga nsanza, ena majumbo. Abambo ankati jumbo imaitana akuba ku mono zako, ndiye iwo ankagwira masamba awiri a bango lamoyo, kuwapota, n'kuwamanga mfundo, nsonga yake italoza kumudzi. Anali amanzere, choncho mfundo yawo inkapotokera mbali yosiyana ndi ya munthu wina aliyense. Ndili mwana ndinayesa kangapo kuitsanzira, inkakana.

Mfundo imeneyo inali patsogolo panga, pa msinkhu wa chifuwa. Ndinakankhira bwato pafupi n'kuigwira. Masamba anali aawisi. Bango lomangidwa mu Marichi likanakhala litauma kalekale, ndipo apa unali mwezi wa Seputembala.

"Mwaona chisa?" a Linda anafunsa monong'ona.

"Ayi."

Patsogolo panali ina, kenaka inanso. Zonse zopotokera kumanzere.

Tinatulukira pathamanda lalikulu. Kutsidya kwake kunali chimbalame chotuwa cha khosi lalitali chitaima ndi mwendo umodzi. A Linda anakweza chala, najambula kambirimbiri. Atatha anayamba kuyang'ana zithunzizo pakagalasi ka kumbuyo kwa kamera, akukulitsa ndi chala.

"Aa, pali munthu wandiwonongera chithunzi," anatero. "Taonani, kumbuyo uko."

Ndinawerama. Kuseri kwa chimbalamecho, kutali kumene maso anga sakanafika, kunali munthu m'kabwato kakang'ono, atatifulatira, manja ali m'bango. Nkhope sinkaoneka, mutu unabisika m'masamba. Anavala jekete yobiriwira ya kuesiteti ya nzimbe, ya mzere wonyezimira kumsana. Majekete otere ndi ambiri kuno. Koma iyi mkono wake wamanzere unali wodula m'chigongono. Abambo anaudula okha ndi mpeni, ndikuona, ati unkawakola poponya ukonde.

Ndinadzuka n'kuyang'ana kutsidya. Kunali bango lokhalokha likugwedezeka.

"Achimwene, bwato likupendama! Mwatani?"

Ndinakhala pansi. Sindidziwa kuti zinatheka bwanji, koma mawu amene ndinalephera kuuza abale anga kwa miyezi isanu ndi umodzi ndinauza mlendo wa ku Limbe. Ndinanena za abambo, za mfundo, ndi za nthochi ya Loweruka. Anamvetsera chipewa atavula.

"Pius," anatero, "ine ndajambula jekete. Nkhope sindinajambule."

"Ndi yawo."

"Sindikukana. Koma jekete munthu akhoza kutola."

"Nanga mfundo angatole?"

Anayang'ananso chithunzicho nthawi yaitali. Ndinafuna kuwoloka thamandalo pomwepo, koma pakati pake panali mvuu zinayi ndi kamwana, ndipo dzuwa linali litafika paliwombo, madzi akumwa a mlendo atatha. Anati agona ku Ngabu ndipo abweranso m'mawa.

"Ulendo uno ndipeza wakabaza wa matayala," anatero, koma sanaseke.

Madzulo ake ndinapeza amayi ali pakhonde akusenda nyika n'kumaziyanika pamphasa. Miyendo yawo inali yotuwa ndi matope ouma. A Simoni anali atabwera ndi nsalu yoyera yokulungira thunthu, akuitambasula kuti amayi aione.

"Bambo," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye ndinabwereza. "Bambo, ine sindidula."

A Simoni anandiyang'ana ngati mbuzi yalankhula.

"Wati chiyani?"

"Sitinaone mtembo. Mwina ali moyo."

Mpeni wa amayi unaima. Sanadzutse mutu.

Ndinkayembekeza kuti a Simoni akalipa, koma anapinda nsalu ija pang'onopang'ono n'kukhala pamtondo.

"Mwanawe, uja ndi mkulu wanga. Anandibereka kumsana pothawa nkhondo kwathu ku Mozambique, madzi ali m'khosi. Ukuganiza kuti ine ndikukondwa kulira nthochi? Koma mlongo wako Priska usiku uliwonse akumasiya chitseko chosatseka. Mpaka liti?"

Za chithunzi sindinanene. Ndinkaopa kuti anena kuti ndi mzukwa, kapena wakuba, ndipo ndikanatsala wopanda kanthu.

"Mundipatse mawa lokha."

"Mawa ndi lako. Koma Lachisanu dzuwa likamapendeka nthochi ija ikhale itagona pansi, kaya ndi dzanja lako kaya ndi langa. Ndipo likakhala langa, anthu adzafunsa kuti a Francisco analibe mwana?"

Amayi anatola nyika ina n'kupitiriza kusenda.

Lachinayi ndinadzuka kukuyera, koma amayi anali atapita kale ndi dengu lawo. A Linda ndinawapeza padoko. Tinalowa m'dambo nkhungu ikadali pamadzi. Mbalame zinali paliponse, zambiri kuposa dzulo lake, koma kabuku kaja sanakatulutse.

Ndinapeza kanjira kaja n'kuyamba kutsata mfundo chobwerera, kulowera kumene nsonga zake zinafulatira. Pathamanda ndinadutsa m'mphepete, ndikumenya bwato ndi nsungwi kuti mvuu zidziwe kuti tikudutsa. Imodzi inatulutsa mutu, kutiyang'ana, n'kumiranso. A Linda anagwira m'mbali mwa bwato ndi manja onse awiri.

"Ndikafa kuno mukauze ana anga kuti kamera asagulitse motchipa," ananong'ona.

Kutsidya mfundo zinapitirira. Pena zinkatilowetsa m'malo othina moti masamba ankaticheka m'manja, pena zinkazungulira chilumba cha mchenga chimene kale kunalibe. Pamalo ena awiri womangayo anasokera, chifukwa ndinaona mfundo zomasulidwa, masamba atatsala opindikapindika, njira n'kukhotera kwina. Zimenezi zinandivutitsa. Abambo sankasokera m'dambo.

M'njira monse ndinkakonza mawu okawauza. Ndinkaganiza kuti mwina anavulala mutu n'kuiwala kwawo. Mwina ankachita manyazi kubwerera wopanda bwato. Ndinkati ndikawauza kuti mayeso ndinalemba, kuti Priska watalika, kuti nthochi sindinadule.

Kenaka ndinaona mitengo itatu ya migwalangwa youma, yopanda mitu, ndipo ndinadziwa pamene tinali. Linali dimba lathu. Pamene panali msasa ndi mbatata tsopano panali madzi ofika m'chiuno ndi maluwa a nyika. Mtengo wa mvunguti umene amayi anapulumukiramo unali chiimire, zinyalala za madzi aja zikadali m'nthambi zake, pamwamba kuposa denga la nyumba.

Pafupi ndi mtengowo panali kabwato. Munthu wa jekete yobiriwira anaimirira m'menemo atatifulatira, atawerama, mkono wodula uja uli m'bango.

Nsungwi inandipulumuka.

"Baba!"

Mbalame zonse za pamalopo zinauluka nthawi imodzi, thambo n'kuchita mdima ndi mapiko. Munthu uja anawongoka pang'onopang'ono n'kutembenuka.

Anali amayi.

Jekete inawafika m'mawondo. Kumutu anamanga duku wawo wakuda, ndipo dengu la nyika linali m'kabwatomo, lopanda kanthu. Tinayang'anana. Bwato lathu linkayandama lokha mpaka linakagunda kabwato kawo.

"Wabweretsa alendo kudimba wosandiuza," anatero. "Muli bwanji, mayi?"

"Ndili bwino, kaya inu amayi?" a Linda anayankha motsitsa mawu. Kamera anaivundikira ndi chipewa.

Ine ndinangoti, "Jeketeyo."

"Udzudzu wa kuno ukuudziwa."

"Amayi, jeketeyo mwaitenga kuti?"

Anakhala pansi m'kabwato, manja ali pamawondo. Zala zawo zinali zochekekachekeka, mabala akale ndi atsopano.

"Anandiveka okha. Madzi atafika m'chifuwa anandikweza mumtengo umu, ndiye poona kuti ndikunjenjemera anavula n'kundiponyera. Ndinawauza kuti kwerani. Iwo akuti mwadiya, bwato lathu lija, uthawa, ndikaumange kaye, tidzatuluka bwanji kuno." Analoza ndi chibwano pamalo pena pakati pa mtengo ndi migwalangwa. "Anafika apo. Kunabwera chimtengo chathunthu ndi mizu yake, chikugubuduka. Chinawamenya apa." Anagwira kuseri kwa khutu. "Kunali kutacha, Pius. Sindinalote. Ndinaona nkhope yawo chisanawatenge. Munalibenso munthu."

"Munati munasiyana."

"Unali ndi mayeso. Ndinati akalemba ndimuuza. Utalemba ndinati akapuma ndimuuza. Kenaka unasiya kundiyang'ana kumaso, ndiye ndikanayambira pati?"

Madzi ankamenya mabwato awiriwo pang'onopang'ono. Mbalame zinayamba kubwerera imodziimodzi.

"Nanga mfundozi n'zachiyani, ngati munaona?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana.

"Loweruka tikukaika nthochi kumanda. Iwo ali kuno. Adziwa bwanji kumene tawayalira? Dambo limene ankalidziwa nkhabe, kulibenso, linapita. Ine wamoyo, wa maso awiri, zanditengera milungu isanu kuti ndipeze dimba langa lomwe. Nanga iwo?" Anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete. "Ndinayambira kuseri kwa manda, kumene timazula nyika. Tsiku lililonse pang'ono. Nsanza sangazitsate, ankadana nazo. Ndiye ndinaphunzira yawoyi. Dzanja lamanzereli linkakana, ndinkachita kulimenya."

"Jekete mumavaliranji?"

"Kuti akandiona asathawe. Adziwe kuti ndi wakwawo."

Ndinalira pamenepo, pamaso pa mlendo, kulira kumene sindinalire mu Marichi. Amayi sananditonthoze. Anangogwira m'mphepete mwa bwato lathu kuti lisachoke. A Linda anavuula nsungwi ija m'madzi n'kuigoneka m'bwato, akuyang'ana kumbali.

Nditatonthola amayi anati, "Bwera uone."

Anakankha kabwato kawo pang'ono, ine ndikutsatira. Kuchokera pamene anaima mpaka pamalo paja anandilozera panali mfundo zitatu, zotalikirana bwino, nsonga zonse zitaloza kumudzi.

"Ine ndafika pano lero," anatero. "Yanga yomaliza ndi iyo ili kumbuyo kwakoyo. Izi ndazipeza. Pokumbukira zija unanena dzulo ndinayesa ndiwe."

"Ine kuno sindinafikeko."

Ndinagwira yoyamba. Masamba anali aawisi. Inali yolimba, yaing'ono, yopota kamodzi kokha mwaukhondo. Nditaiyerekeza ndi ya amayi ndinaona kusiyana. Ya amayi inali yonenepa, yomangidwa ndi dzanja lokakamizidwa.

"Mwina ndi bambo ako aang'ono," amayi anatero.

"A Simoni si amanzere."

"Mwina msodzi wina."

"Mwina."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Kunali bango, madzi, ndi kambalame ka zala zazitali kaja kakuyenda pamasamba. Dzulo lake mfundo ngati zimenezi zikanandithamangitsa dambo lonse ndikuitana. Koma tsopano ndinali nditamva za chimtengo chija, ndipo amayi sanama kawiri. Chimene ndinaganiza n'chakuti, ngati omanga mfundozo ndi abambo, ndiye kuti anyamuka kale, ndipo kumudzi sitinakonze pofikira.

Pakati pa mfundo ya amayi yomaliza ndi zitatu zija panatsala mpata. Amayi anagwira masamba awiri n'kundipatsa.

"Ndi lamanzere. Ayi, osati choncho, ukumanga ngati thumba la makala. Pota kaye. Eya. Nsonga iloze kwathu."

Inakana kawiri. Kachitatu inagwira, yoipa kuposa ya amayi, koma inagwira.

Pobwerera amayi anali patsogolo, ife pambuyo. Paliponse pamene mfundo inamasuka ndi mphepo tinkaima n'kuimanganso. Njirayo inatitulutsira kuseri kwa manda, pansi pa mitengo ya misangu, pamene ndinali ndisanaganizepo kuti bwato lingafike. Tisanatsike amayi anavula jekete, kuipinda, n'kuiika pansi pa dengu.

A Linda anakhosomola. "Amayi, dzulo ndinakujambulani mosadziwa. Ndinkajambula mbalame. Mukafuna ndifafaniza pompano."

"Tandionetsani."

Anawapatsa kamera. Amayi anaigwira ndi manja awiri, kagalasi kali pafupi ndi mphuno. Anayang'ana nthawi yaitali munthu wofulatira uja, wa mkono wodula, ali m'bango kuseri kwa chimbalame.

"Ndi iwo ndithu," anatero. "Kaimidwe komwe." Anaseka pang'ono. "Zaka makumi awiri ndi zitatu, munthu umafika poima ngati mwamuna wako. Musafafanize. Zithunzi zawo zonse zinapita ndi madzi, ngakhale chiphaso. Mungatitsukire chimodzi?"

"Ndikatsuka chachikulu. Mbalameyo ndiichotsepo?"

"Isiyeni. Ankazikonda, ngakhale ankati zimawabera nsomba."

Lachisanu sindinadikire kuti dzuwa lipendeke. Ndinanola chikwanje cha abambo pamwala wa pakhonde mpaka a Simoni anatulukira, nsalu yoyera ili kukhwapa. Anandiyang'ana, nayang'ana chikwanje, koma sanafunse kuti Lachinayi ndinapeza chiyani. Priska anaima pakhomo atagwira chitseko. Amayi anabwera n'kuima pambali panga.

Nthochi ndi yofewa. Ndinatema katatu, kachinayi inagwa, masamba ake n'kukwapula pansi. Madzi ake anatuluka ambiri, ozizira, nandiyenderera m'manja mpaka m'zigongono. Ndinasadza masamba, ndipo a Simoni anayeza thunthu ndi mapazi awo n'kundionetsa podula.

"Gwira kumutu," anatero. "Ine ndigwira kumiyendo."

Tinalinyamula. Linali lolemera kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo a Simoni anapunthwa pang'ono.

"Pepani akulu," anatero, osati kwa ine.

Amayi anatsogola kukayala mphasa. Priska anatsegula chitseko chonse kuti tidutse.